Ulendo Wokaona Oumba Mbiya ku Chileka ndi ku Lirangwe

Ana akatsekera sukulu, mabanja ambiri a mumzinda wa Blantyre amayamba kulingalira za kokacheza. Ena amaganiza za kunyanja ku Mangochi, ena za phiri la Mulanje kapena la Zomba, ndipo ambirife timangogwa ulesi tikawerengera ndalama ya mayendedwe. Koma ulipo ulendo wina wosalira thumba lalikulu, woti banja likhoza kunyamuka m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Ndi ulendo wokaona amayi oumba miphika ndi mitsuko m'midzi ya ku Chileka ndi ku Lirangwe.

Wina akhoza kuseka kuti kuona mphika si ulendo. Koma tidzifunse: mwa ana athu, ndi angati amene anaonapo mtsuko ukuumbidwa? Ndowa za pulasitiki ndi mapoto a chitsulo zalowa m'nyumba iliyonse, ndipo ambiri mwa amene akuumbabe ndi amayi achikulire. Luso lawo silinalembedwe m'buku. Lili m'zala ndi m'maso mwawo, moti gogo mmodzi akatisiya asanaphunzitse mdzukulu, nzeru imene inayenda mibadwo yambiri imathera pomwepo. Chimene chimachititsa mtsikana kukhala pansi n'kuphunzira kuumba n'kuona kuti alipo anthu ofuna miphikayo ndi oilemekeza. Apa ndi pamene ulendo wathu ukhala ndi phindu mbali zonse ziwiri: woumba apeza msika, ife tipeza ziwiya zothandiza pa umoyo wa pabanja.

Dziko lotentha, la milambe ndi madambo

Tikachoka mumzinda kudzera ku Chirimba timafika pa Kameza, pamene msewu umagawikana. Nthambi ina imalowera ku bwalo la ndege la Chileka, mtunda wa makilomita pafupifupi 16 kuchokera pakati pa mzinda, m'dera la Mfumu Yaikulu Kuntaja. Ina ndi msewu waukulu wa M1 umene umadutsa pa Lunzu ndi pa Matindi, n'kufika pa Lirangwe, kenaka pa Mdeka mpaka pa mlatho wa Zalewa pa mtsinje wa Shire.

Amene amayenda msewu umenewu amadziwa kuti mphepo imasintha m'njira. Mzinda wa Blantyre uli pa mtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene bwalo la ndege la Chileka lili pa mamita pafupifupi 780, ndipo dziko limatsikiratsikira tikamayandikira Shire. Kuseri kwa phiri la Michiru mvula imachepa, kutentha kumakula, ndipo tikapitirira Lirangwe milambe imayamba kuchuluka. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala udzu umauma, mitsinje ing'onoing'ono imasanduka mchenga, dziko lonse n'kuoneka lotuwa.

Nyengo yovuta kwa mlimi imeneyi ndi imene imakomera woumba. Ntchito ya kumunda imakhala itachepa, dongo limakumbika bwino m'madambo ndi m'magombe a mitsinje, miphika imauma popanda chinyezi, ndipo udzu ndi makungwa ootchera zimakhala zouma. Choncho nthawi yabwino ya ulendo wathu ndi kuyambira titakolola mpaka mvula yoyamba isanagwe.

Mbiri yolembedwa pa mapale

Kuumba ndi imodzi mwa ntchito zakale kwambiri m'dziko muno. Akatswiri ofukula zakale amazindikira mibadwo ya makolo athu poyang'ana mapale opezeka pansi, chifukwa mbadwo uliwonse unali ndi kaumbidwe ndi kakongoletsedwe kake. Mapale a mtundu wa Nkope, amene anatenga dzina la malo a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi kumene Keith Robinson anakumba m'zaka za m'ma 1960, ndi a alimi ndi osula zitsulo amene anakhala kuno zaka zoposa 1,500 zapitazo. Pambuyo pake panabwera mitundu ina, monga ya Kapeni, ya Mawudzu ndi ya Nkhudzi. Ya Mawudzu ndi imene akatswiri amaigwirizanitsa ndi nthawi ya ufumu wa Maravi.

Katswiri wa kwathu konkuno, Yusuf Juwayeyi, anakumba pa Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, pamene panali likulu la Kalonga. Anapezapo mapale ochuluka a miphika ya makolo, pamodzi ndi mikanda ya galasi ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Izi zikutiuza kuti ngakhale pamene malonda a kutali anali kufika pabwalo la mfumu, chakudya cha tsiku ndi tsiku chinkapsabe mumphika wa dothi la kwathu.

Banja lofuna kuti ana amvetse bwino likhoza kuyambira ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri, imene inatsegulidwa mu 1966, kuti akaone ziwiya za makolo. Akakafika kwa woumba wa lero adzazindikira kuti zimene anaona m'bokosi la galasi zidakali zamoyo.

Zimene maso athu akaone

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Woumba sathamanga, ndipo wodzaonerera asathamangenso.

Ntchito imayambira ku mtapo, kumene amakumba dongo. Si dothi lililonse limene limaumbika. Woumba amalizindikira poligwira: amalinyowetsa, kulipota ngati chingwe, n'kulipinda. Likathyoka ndiye kuti lachuluka mchenga, likamatirira kwambiri ndiye kuti lidzang'aluka pouma. Akafika nalo kunyumba amachotsa timiyala ndi mizu, kulisinja, kulinyika, n'kuliponda mpaka lifanane paliponse. Ena amasakanizamo mchenga wosefa kapena mapale akale osinja kuti mphika udzapirire moto. Kamwala kamodzi kotsalira kakhoza kuphulitsa mphika wonse pootcha.

Poumba, amayi a kumudzi sagwiritsa ntchito gudumu. Amaika chibuma cha dongo pa phale kapena pa mbale yakale, kuchiboola pakati, n'kumakokera makoma m'mwamba, dzanja lina mkati lina kunja. Akafuna kutalikitsa amawonjezera dongo lopota ngati nsinga, mzere pamwamba pa mzere. Zipangizo zawo n'zapakhomo pomwepo: chitsononkho, kachidutswa ka nsungwi kapena ka chikho, chigoba cha nkhono, ndi kansanza konyowa kosalazira mlomo. Mphika ukayamba kulimba amaupala kuti makoma afanane, amaukulungiza ndi mwala wosalala wa kumtsinje mpaka uwale, ndipo amalemba timizere ndi timadontho m'khosi mwake. Tikayang'anitsitsa tidzaona kuti woumba aliyense ali ndi zolemba zake, moti anthu a m'mudzi amadziwa mwini mphika asanauzidwe.

Kenaka mphika umaumira pa mthunzi masiku angapo, waukulu mwina milungu. Ukauma mofulumira pa dzuwa kapena pa mphepo umang'aluka. Tsiku lootcha amasanja miphika pa nkhuni, kuifunditsa makungwa, timitengo ndi udzu, n'kuyatsa nthawi imene kulibe mphepo yambiri. Moto woterewu umatentha pakati pa madigiri 600 ndi 900, ndipo kutentha kumeneku ndi kumene kumasandutsa dongo kukhala chiwiya chosasungunuka m'madzi. Mabala akuda amene timaona pa miphika ndi pamene utsi unagwira kapena pamene nkhuni inatsamira.

M'madera ena kuumba kuli ndi miyambo ndi zoletsa zake, ndipo mphika ukasweka pamoto anthu amafunafuna amene walakwa. Ife monga alendo sitipita kukatsutsana ndi eni mudzi. Koma ana athu tikhoza kuwafotokozera kuti chimene chimaswa mphika ndi chinyezi chotsalira, mpweya wotsekeredwa m'dongo, kamwala, kapena moto wobwera mwadzidzidzi.

Chiwiya chilichonse ndi ntchito yake

Ana ambiri a m'tauni amangoti zonse ndi miphika. Pakhomo pa woumba adzaphunzira mayina. Mtsuko uli ndi khosi ndipo ndi wa madzi. Nkhali ndi yophikira nsima. Mphika wa ndiwo ndi wocheperapo, wa kukamwa kotambalala. Mkhate ndi wosambira. Mbiya ndi yaikulu, ndipo ngakhale ambiri amaidziwa ndi mowa, m'nyumba ya Mkhristu imasunga madzi, ufa kapena mbewu. Ngakhale mphika wosweka sutayidwa, chifukwa phale lake ndi lokazingira chimanga ndi mtedza.

Kwa ife amene timalimbikitsa chakudya cha kumunda, mphika wa dothi ndi bwenzi. Dothi limachedwa kutentha koma limachedwanso kuzizira, ndipo limafalitsa kutentha mofanana. Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama zimapsa pang'onopang'ono mpaka kufewa mkati, msuzi wake n'kulemera popanda kuthira mafuta ambiri. Nkhwani wotendera supserera msanga. Mphika ukaphulidwa pamoto umapitiriza kubwata kwa kanthawi, choncho nkhuni zimapulumuka. Pa Lachisanu, tsiku lokonzekera, nyemba zophikidwa mumphika wa dothi ndi kuvundikiridwa bwino zimafika pa chakudya chotsegulira Sabata zidakali zofunda. Zotsala zogona tiziziwiritsanso mpaka zibwate tisanadye, makamaka m'nyengo yotentha.

Mtsuko ndi madzi akumwa

Aliyense amene anamwapo madzi a mumtsuko masana a Okutobala amadziwa kukoma kwake. Chinsinsi chake n'chimodzimodzi ndi cha thukuta. Khoma la mtsuko lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Madzi pang'ono amatulukira kunja, ndipo akamauma amachoka ndi kutentha. Mpweya ukakhala wouma ndi wotentha, ngati wa ku Lirangwe m'chilimwe, mtsuko umaziziritsa kwambiri. Madzi ozizira bwino amakopa munthu kumwa okwanira, chimene ndi chimodzi mwa ziphunzitso zathu za umoyo.

Koma tisanamizane: mtsuko umaziziritsa madzi, supha tizilombo. Tonse tikukumbukira mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mu 2023. Unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Kawirikawiri madzi amachoka pa mjigo ali abwino, n'kudzaipitsidwa m'nyumba momwe ndi manja kapena kapu yomwera imene aliyense amaviika.

Choncho posankha mtsuko wa madzi akumwa tisankhe wa kukamwa kochepa, ndipo tipemphe woumba atiumbirenso chivundikiro chake. Madzi tiyambe tawawiritsa, kapena tithiremo klorini pa mlingo umene alangizi a zaumoyo amatiuza, n'kudikira mphindi 30 tisanamwe. Pakhale chikho chimodzi cha mpini wautali chotungira, chopachikidwa pamwamba, ndipo munthu asamwere pomwepo. Madzi asagone masiku ambiri, mtsuko uzitsukidwa mkati kawirikawiri ndi madzi owira, ndipo ukhale pa malo okwera pamene ziweto ndi ana okwawa sangafike. Mtsuko kapena phale losiyidwa pabwalo ndi madzi a mvula ndi malo oswanirana udzudzu, choncho zonse zosagwira ntchito tizizivundikira chafufumimba.

Firiji yosalira magetsi

Nzeru yomweyi ikhoza kusunga ndiwo zamasamba. M'zaka za m'ma 1990 mphunzitsi wina wa kumpoto kwa Nigeria, Mohammed Bah Abba, amene anachokera m'banja la oumba, anafalitsa njira yoika mphika mkati mwa mphika unzake. Pakati pa miphika iwiriyo amathira mchenga, kuunyowetsa kawiri pa tsiku, n'kuphimba pamwamba ndi nsalu yonyowa. Madzi a mumchenga akamauma kudzera mumphika wakunja, wamkati umazizira. Matimati, mabiringanya, therere ndi masamba zimene zikanafota m'masiku awiri kapena atatu zimakhala nthawi yotalikirapo. Ntchito imeneyi inam'patsa mphoto ya Rolex m'chaka cha 2000.

Woumba aliyense akhoza kutiumbira miphika iwiri yotere tikamufotokozera: waukulu wa kukamwa kotambalala, ndi wocheperapo wolowa mkati n'kusiya mpata wa zala zitatu kuzungulira. Tiiike pa mthunzi podutsa mphepo. Imagwira bwino m'chilimwe kusiyana ndi m'dzinja, ndipo ndi ya zipatso ndi masamba basi. Si yosungiramo mkaka kapena zakudya zophikaphika. Kwa banja lokhala kumene kulibe magetsi, kapena kumene magetsi amazimazima, ichi n'chinthu choyenera kuyesa. Kwa woumba ndi malonda atsopano.

Mbaula ya dothi ndi utsi wa m'khitchini

Pa msewu wa Chileka ndi wa Lirangwe, m'mawa uliwonse timakumana ndi njinga zolemedwa ndi matumba a makala zikukwera kupita mumzinda. Mapiri amene anali ndi mitengo, kuphatikizapo Michiru, akuyera chaka ndi chaka. Pamene mitengo ikutha panja, utsi ukuwononga mapapo m'nyumba. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pa chaka, ndipo ovutika kwambiri ndi amayi ndi ana amene amakhala pafupi ndi mafuwa. Chibayo cha ana, chifuwa chosatha ndi maso ofiira nthawi zambiri zimayambira m'khitchini yopanda zenera.

Dongo lomwe lija lilinso ndi yankho. Chitetezo mbaula ndi mbaula youmbidwa ndi dothi n'kuotchedwa, yonyamulika, ya khomo limodzi lolowetsera nkhuni. Imasonkhanitsa moto pansi pa mphika m'malo moti ubalalike, choncho imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu, ndipo imayaka ndi timitengo, zitsononkho ndi mapesi a nandolo. Mu 2013 boma la Malawi linaika cholinga choti mbaula zosunga nkhuni zokwana 2 miliyoni zikhale zitafika m'makomo pofika 2020, ndipo magulu ambiri a amayi m'maboma osiyanasiyana anaphunzira kuziumba. Pa ulendo wathu tifunse za mbaula imeneyi m'misika. Siichotseratu utsi, choncho tiziphikirabe panja kapena m'khitchini yolowa mpweya, ndi nkhuni zouma, mwana ali patali ndi moto.

Tinenenso kuti kuotcha miphika nakonso kumadya nkhuni. Ife ogula tikhoza kuthandiza. Mbande zingapo za mitengo zoperekedwa nthawi ya mvula ndi mphatso yabwino kwa woumba amene watilandira.

Kusankha mphika ndi kuusamala

Mphika wabwino umadziwika ndi kulira kwake. Tiugwire m'mwamba n'kuugogoda ndi chala. Wopsa bwino umalira momveka ngati belu, pamene wosapsa kapena wong'aluka umalira mogonthera. Tiyang'ane mkati pa kuwala, tipapase makoma ngati ali ofanana, ndipo tiukhazike pansi tione ngati ukukhazikika.

Mphika watsopano sitiyamba n'kuphikamo ndiwo. Tiutsuke, tiphikemo phala la madeya pa moto wochepa, tilisiye lizizire momwemo, kenaka titaye ndi kutsukanso. Phalalo limatseka timabowo ndi kuchotsa fungo la dothi. Mphika wa dothi sufuna kudzidzimutsidwa: tisauike wopanda kanthu pa moto waukulu, ndipo tisathire madzi ozizira uli wotentha. Potsuka tipewe sopo wambiri chifukwa amalowerera m'khoma. Madzi otentha ndi phulusa n'zokwanira, kenaka tiuumitse pa dzuwa.

Pali chenjezo limodzi lofunika. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mbale ndi makapu ena a dothi opakidwa utoto wonyezimira ngati galasi, osadziwika kumene anapangidwa, akhoza kukhala ndi mtovu. Zakudya zowawasa monga malambe, bwemba, mandimu ndi matimati zimasungunula mtovuwo, ndipo mtovu umawononga ubongo wa mwana ngakhale utakhala wochepa. Kafukufuku m'maiko angapo a mu Africa anapezanso mtovu m'mapoto ena osungunulidwa kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Mphika wa kumudzi wokulungizidwa ndi mwala ulibe utoto umenewu, koma wopakidwa penti kapena polishi kuti ukongole ndi wa maluwa okha, osati wa chakudya.

Mudzi wa m'chipululu umene unadzuka ndi dothi

Kuti tione zimene alendo angachitire mudzi wa oumba, tiyang'ane kutali pang'ono. Kumpoto kwa Mexico, m'dera louma la Chihuahua, kuli mudzi wotchedwa Mata Ortiz. Mnyamata wina wa kumeneko, Juan Quezada, ankatola mapale akale pamene ankatema nkhuni m'mapiri, ndipo anadziphunzitsa yekha kuumba monga ankachitira anthu akale a ku Paquimé, popanda gudumu. Mu 1976 Spencer MacCallum wa ku America anapeza miphika yake itatu m'sitolo ya zinthu zakale m'tauni ya Deming, ndipo anayenda kufunafuna mwini wake mpaka anam'peza. Quezada sanabise luso lake. Anaphunzitsa abale ndi anansi, moti lero mudziwo uli ndi oumba mazanamazana, ndipo alendo amachokera maiko akutali kudzaona ndi kugula. Mu 1999 dziko lake linam'patsa mphoto yaikulu ya zaluso. Ku Nigeria nako, chithunzi cha mayi woumba mbiya, Ladi Kwali, chili pa ndalama ya pepala ya 20 naira.

Kwathu kuno tili ndi Dedza Pottery, imene inayamba mu 1987. Kumeneko amaumba pa gudumu ndi kuotcha m'ng'anjo zotentha kwambiri, ndipo apaulendo a pakati pa Blantyre ndi Lilongwe amapatukirako. Ndi malo oyenera kukaona kwa amene angathe. Koma phunziro la ku Mata Ortiz ndi lakuti zonse zinayamba ndi munthu mmodzi amene anaona mphika n'kufunsa kuti anaumba ndani. Funso limenelo tikhoza kulifunsa pa Lunzu kapena pa Lirangwe.

Kayendedwe ka mlendo wabwino

Oumba a kumudzi alibe zikwangwani. Njira yowapezera ndi kuyambira pa msika. Tifike pamene akugulitsa miphika, tipereke moni, tigule kanthu, kenaka tifunse mwaulemu ngati amayiwo amaumba okha kapena amapikula, ndiponso ngati angalole kuti tidzabwere ndi ana kudzaonerera. Abale ndi alongo a m'mipingo yathu ya m'deralo ndi otithandizanso kwambiri, popeza amadziwa makomo. Tipangane tsiku, chifukwa kuumba ndi kuotcha sizichitika tsiku limodzi. Ngati tili gulu, tiyambe taonekera kwa a nyakwawa.

Tikafika tiodire, tikhale pamene atipatsa, ndipo ana apereke moni kwa agogo mwaulemu. Mphika wauwisi sugwiridwa popanda chilolezo, chifukwa chala chimodzi chikhoza kuwononga ntchito ya tsiku lonse. Tisanajambule chithunzi tipemphe. Ana asayandikire maenje a mtapo, amene amagumuka ndiponso amasunga madzi. Tinyamuke m'mamawa kusanatenthe, titenge madzi akumwa, zipewa ndi kamba wa panjira, ndiponso dengu ndi udzu kapena nsanza zokulungira miphika pobwerera, popeza mu minibasi kapena pa kabaza mphika wosakulungidwa sufika.

Za tsiku, tonse tikudziwa. Ulendo uno uli ndi kugula ndi kugulitsa, choncho si wa pa Sabata. Tsiku loyamba la mlungu kapena masiku a tchuthi ndiwo oyenera. Atsogoleri a Pathfinder akumbukire kuti kuumba ndi limodzi mwa maluso amene ana amalandirira chizindikiro, ndipo palibe mphunzitsi woposa gogo amene waumba moyo wake wonse. Amayi a Dorika nawo akhoza kuitana woumba kudzaphunzitsa pa tchalitchi, n'kumulipira monga mphunzitsi.

Tifike pa nkhani ya mtengo. Ambirife timalipira ndowa ya pulasitiki m'sitolo osanenerera, koma tikafika kwa mayi wa miphika timatsitsa mpaka iye atangovomera chifukwa cha njala. Tiwerengere zimene zalowa mumtsuko umodzi: ulendo wa ku mtapo ndi dengu la dongo pamutu, kusinja, kuponda, kuumba, masiku odikira, nkhuni, ndi miphika ina imene inasweka pamoto. Ndalama imeneyo ndi ya chimanga, ya sopo, ya makope a adzukulu. Malemba, pa Levitiko 19:13 ndi pa Yakobo 5:4, amachenjeza mwamphamvu za kumana wantchito malipiro ake. Ngati mtengo ndi woyenera, tilipire osakangana. Ngati waumba bwino, timuuze, ndipo tiuzeko anzathu.

Kalasi imene Mulungu anasankha

Mu Yeremiya 18 timawerenga kuti pamene Mulungu anafuna kulankhula ndi mneneri za tsogolo la mtundu wake, anamutuma kukaonerera woumba ali pa ntchito. Mneneriyo anaona chiwiya chikuwonongeka m'manja mwa woumba, ndipo woumbayo sanataye dongo, koma analiumbanso kukhala chiwiya china. Yesaya 64:8 amatifanizira ndi dongo m'manja mwa Atate, Genesis 2:7 amatikumbutsa kumene tinachokera, ndipo Paulo pa 2 Akorinto 4:7 amafanizira okhulupirira ndi ziwiya zadothi zosunga chuma cha mtengo wapatali.

Mavesi amenewa timawawerenga pa mapemphero a banja, koma mwana amene anakulira pakati pa pulasitiki amangowamva ngati mawu. Akaona ndi maso ake gogo akuchotsa timiyala m'dongo mmodzimmodzi, akubwezera pansi khoma lopotoka n'kuyambanso, akudikira masiku osaufulumizitsa mphika kupita pamoto, sadzafunanso womasulira wambiri. Adzamvetsa kuti thupi lake ndi ntchito ya manja a Wina, yoyenera kusamalidwa, ndiponso kuti munthu amene walakwitsa sanathe ntchito.

Chilimwe chino, tisankhe tsiku limodzi. Tipite ndi ana ndi dengu lopanda kanthu, tikabwere ndi mtsuko wa chivundikiro, mphika wa nyemba, ndi dzina la amene anaziumba.